Wopambana Sadzuka Pampando

Kuseri kwa msika wa Kabwata, mumzinda wa Lusaka, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa makala, pali kontena yabuluu imene anthu amangoitchula kuti kwa ba Chibesa. M'katimo muli ma TV anayi opachikidwa kukhoma, mabenchi awiri, ndi mpando umodzi wachitsulo wokhala ndi khushoni. Mabenchiwo ndi a aliyense. Mpandowo uli kutsogolo kwa TV yaikulu, ndipo lamulo lake silinasinthepo chitsegulire malowa. Anthu awiri amasewera gemu yampira. Wogonja amalipira gemuyo n'kupereka padi kwa wotsatira pamzere, padi kukhala kachipangizo kamabatani kogwira ndi manja awiri kaja. Wopambana sadzuka. Choncho mwana wosauka wa zala zabwino akhoza kusewera dzuwa lonse osapisa m'thumba.

Rahim Salumu anakhala pampandowo koyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Pofika chaka cha 2022 anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo khushoni ija, ngakhale inasinthidwa kangapo, inkangobwerera ku maonekedwe a thupi lake.

Bambo ake, Che Salumu, anali telala wochokera ku Mangochi. Anabwera ku Lusaka ali mnyamata, n'kumasoka masuti ndi mayunifomu pakhonde. Rahim ali wamng'ono boma linasintha, katundu wakunja anayamba kulowa mwaufulu, ndipo mabelo a salaula, zovala zimene ku Malawi amati kaunjika, anadzaza misika. Ntchito ya Che Salumu inatsala yofupikitsa mathalauzi a anthu ena. Koma khomo limene linalowetsa salaula ndi lomwenso linalowetsa makina a magemu. Oyamba anali otchipa, a m'masitolo a ku Kamwala, ndipo Rahim anawaona koyamba kudzera pawindo la anansi, ataponda pachidebe.

Kusukulu anali mwana wofatsa, wolemba mwaukhondo, wosakonda kukweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa. Aphunzitsi ake amakumbukirabe kuti wotchi ya m'kalasi itaima, iye anapita nayo kunyumba n'kubwera nayo m'mawa ikuyenda. Mayeso a giledi 12 anakhoza, koma osati mofika ku koleji. Bambo ake atamwalira, anatsala m'nyumba yawo ya ku Kabwata ndi mchemwali wake wamkulu, Zuhula, amene anatenga makina osokera aja. Rahim anatenga zala zokha. Mapadi a ba Chibesa akatha mabatani, iye ankawatsegula, kuwapukuta, kuwasinthira timphira tam'kati, n'kuwabweza ali ngati atsopano. Palibe tsiku limene anamulemba ntchito. Anangopezeka kuti ndi wa pamenepo.

Sikuti sankagonja. Ankagonja mwina kawiri pachaka, ndipo amene amugonjetsawo ankasimba nkhaniyo mpaka paukwati wawo. Anthu ankachokera ku Libala, ku Chilenje, ngakhale ku Chelstone, kudzayesa mwayi. Ba Chibesa, bambo wonenepa wosalankhulalankhula, ankadziwa bwino chimene chinkadzaza mabenchi ake, ndipo masana aliwonse ankamuikira Rahim botolo lamadzi ozizira pafupi ndi mwendo wampando.

Chinthu chachiwiri chimene Rahim ankadziwika nacho ndi pakamwa, ndipo izi zinkadabwitsa amene anamudziwa ali mwana. Pa nkhani ya makina a magemu, mnyamata wofatsa uja anasanduka mlaliki. Anthu a magemu agawika pawiri ngati otsatira matimu ampira: ena ndi a PlayStation, imene amangoti PS, ena ndi a Xbox. Kwa ba Chibesa makina onse anali a PS, ndipo Rahim ndiye anali wowalankhulira. Wotsutsana naye wamkulu anali Lukonde, mnzake wa kalasi imodzi kuyambira giledi 3, amene tsopano ankagwira ntchito muofesi ya inshuwalansi m'tauni ndipo ankakhala ku Chelstone. Lukonde anali ndi Xbox kunyumba, koma Loweruka lililonse ankabwera ku Kabwata kudzagonja ndi kudzakangana, ndipo pa zaka zonsezo sanamugonjetsepo Rahim ngakhale kamodzi.

Mkangano wawo unkazungulira pa magemu amene amawatcha maekisikulusivu, ndiye kuti magemu amene kampani imawatsekera m'makina ake okha, kuti wowafuna agule makinawo.

"Chula gemu imozi chabe yamene ili pa makina yako yeka," Rahim ankatero maso ali pa TV, zala zikugwira ntchito. "Imozi chabe, nikupase padi."

"Ine nilipila pamwezi, nisowela magemu mahandiledi," Lukonde ankayankha. "Iwe uli na yangati?"

"Mahandiledi ya chani? Ni monga salaula. Belo yonse, shati yabwino imozi."

"Nanga ija ekisikulusivu yanu yamene munali kutinyadila nayo? Si ili pa kompyuta manje? Banakugulisani, boyi. Bakampani sibakuziba na zina."

Mawu amenewa ankamupweteka Rahim, chifukwa anali oona: magemu ena amene anawateteza zaka zambiri anali atayamba kupezeka pa makompyuta. Ankayankha kuti gemu ikapita kwina imapita itakalamba, ngati nsapato yopatsa mng'ono wako. Mabenchi ankaseka. Kenako onse, a PS ndi a Xbox omwe, ankagwirizana pa madandaulo amodzi. Masiku ano ugula disiki, ufika nayo kunyumba, ikuuza kuti uyambe wakoka zina pa intaneti, mabandulo a mwezi wathunthu n'kutha usanamenye mpira. Magemu akutuluka osamaliza kupanga. Matimu a kuno mulibemo. Akatopa kudandaula ankabwerera kukangana.

Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti maekisikulusivu amene Rahim ankawalumbirirawo sanawasewerepo mpaka kumapeto. Kwa ba Chibesa anthu ankafuna mpira ndi nkhonya basi. Magemu aatali ankhani aja iye ankawaonera pafoni, anthu ena akusewera kumaiko ena, ndipo ankawaloweza ngati ndakatulo ya mayeso.

Panalinso lumbiro lake. Chaka cha 2010 munthu wina anabwera ndi Xbox yosayaka kuti Rahim aikonze. Rahim anaitembenuza, anaitembenuzanso, osapeza sikuluu ngakhale imodzi yoyambira kumasula. Sankadziwa potsegulira. Mabenchi anali odzaza, ndipo iye anachita manyazi kunena kuti sadziwa. Anaiika pansi, n'kupinda manja kumbuyo.

"Ine manja yanga siyagwila ivi," anatero. "Siku mukazaniona nagwila, munidule manja."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mawa lake nkhaniyo inali itafika ku Libala. Patatha chaka inali mbiri yake, yosimbidwa kwa aliyense wachilendo: uyu ndi Rahim, sagonja, ndipo Xbox sagwira. Pamene kunatuluka Xbox yatsopano yaitali yakuda, iye anaitcha firiji, dzinalo n'kumera. Usiku wina uliwonse akanatha kuphunzira potsegulira makinawo pafoni yake yomweyo, koma akanaphunziriranji chinthu chimene sangachigwire pamaso pa anthu? Ambiri obwera ndi makina oterowo Rahim ankawabweza pakhomo, ntchito n'kupita kwa ena.

Zaka zinapita. Anzake amene anayamba nawo pamabenchi anakwatira, ena anapita ku Copperbelt, ena ankangodutsa pagalimoto n'kuimba hutala. Msana unayamba kumuwawa. M'mwezi wa Okutobala kontena inkatentha ngati uvuni, ndipo nthawi zina, pakati pa gemu, Rahim ankayang'ana kachidutswa ka msewu kooneka pakhomo n'kupeza kuti wagoletsa chigoli osadziwa. Zala zinkasewera zokha. Tsiku lina Lukonde, atagonja kachitatu motsatizana, anaponya padi pabenchi.

"Uziba, boyi, ekisikulusivu yeniyeni muno ni iwe. Supezeka kwina kulikonse. Kwa ba Chibesa chabe."

Rahim anaseka limodzi ndi onse. Koma Lachisanu lotsatira, ali kumzikiti, mawuwo anamubwerera pakati pa pemphero.

Amene anapeza khomo anali Zuhula. Mmodzi mwa anthu amene ankawasokera anali mayi wina dzina lake Emmy, mwini shopu yokonza mafoni, ma TV ndi makina a magemu ku Northmead. Tsiku loyesa diresi, Emmy anadandaula kuti womuthandiza wake wachoka ndipo ntchito yaunjikana. Zuhula analowa kuchipinda, n'kutenga padi imene Rahim anali atangoikonza, n'kumupatsa. Emmy anadina mabatani onse, anaigwedeza pafupi ndi khutu, anayang'ana m'mphepete ngati muli zipsera za sikuludiraiva. Munalibe.

Madzulo ake Zuhula anamudikirira mlongo wake kuti amalize kudya.

"Akuti upite Loweruka, isanakwane fifitini awazi, 3 koloko masana. Ikakwana amatseka. Pali munthu winanso amene akumuganizira, ndiye Lolemba mmodzi wa inu ayamba ntchito."

"Akufuna ndikachite chiyani?"

"Ukatsegule makina amene ukawapeze patebulo, ukawatsuke, ukawatseke. Basi. Koma anenetsa kuti kwawo sasankha makina. Chimene chabwera ndi chimenecho."

Rahim anapukuta mbale ndi chala.

"Achemwali, anthu akamva kuti ndikugwira mafiriji..."

"Anthu ake ati? Amene amakuwombera m'manja aja? Ukadzadwala msanawo adzabwera kudzakutembenuza?" Zuhula sanakweze mawu. "Bambo anakhala pakhonde paja kudikira kuti masuti abwerere, mpaka maso anatha. Ine ndinaona. Iwe unali ku magemu."

Rahim anavomera. Masiku atatu otsatira, ali yekha kuchipinda, anaonera pafoni mmene amatsegulira Xbox yamtundu uliwonse, ndipo anapeza kuti chimene chinamugonjetsa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo chinali timano tapulasitiki tobisika m'mphepete. Anaseka yekha, kuseka kosakoma. Rahim sanawauze kanthu ba Chibesa. Ankati awauza zikatheka.

Loweruka anavala shati yoyera imene Zuhula anasita, n'kuika masikuludiraiva ake m'kachikwama. Kuchokera ku Kabwata kukafika ku Northmead ndi mabasi awiri, ina yokatula m'tauni, ina yopitirira, ndipo Loweruka ulendowo umadya ola lathunthu. Akananyamuka isanakwane fotini awazi akanafika bwino. Inali isanakwane ileveni. Patebulo panali padi ya ba Chibesa, yomwe ija Emmy anaiyesa, ndipo Rahim anaganiza zoipereka podutsa kuti isagone m'nyumba.

Apa ndi pamene analakwitsa, kulakwitsa kumene munthu wakunja sangakumvetse. Kwa ba Chibesa padi yokonzedwa silandiridwa pamanja. Imayesedwa m'gemu yeniyeni, ndi amene waikonza, anthu akuona. Mwambo umenewu Rahim ankaudziwa kuposa aliyense. Mwina ankaganiza kuti m'mawa muja mudzakhala mopanda anthu. Anapeza mabenchi odzaza, mpando uli wopanda munthu, ukumudikira.

"Ba Rahim, shani? Lelo muli smati. Kuli ukwati?"

"Nabwelesa chabe padi."

"Iyeseni tione," anatero ba Chibesa, akusuntha botolo lamadzi ndi phazi kuti likhale pamalo pake.

Gemu imodzi ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Rahim anakhala pansi, kachikwama kali pamiyendo. Anapambana. Wogonjayo anapereka padi kwa wotsatira, ndipo wotsatirayo anali atasankha kale timu.

Munthu angafunse kuti bwanji sanangodzuka. Yankho lake n'lakuti pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi palibe anadzukapo pampandowo atapambana. Pamzerepo pamakhala anthu amene akwera mabasi awiri, ena ayeserera sabata yonse kunyumba. Kudzuka uli wopambana n'kuwauza kuti sakuyenera ngakhale kugonjetsedwa ndi iwe. Wopambana amamasuka m'njira zitatu zokha: agonje, mzere uthe, kapena magetsi athime. Lachisanu Rahim sankakhala pampandowo m'mawa n'komwe, kuti nthawi ya mapemphero isamupeze ali womangika. Lamuloli ndi limene linamudyetsa ali mwana wopanda kanthu, ndipo iye mwini analikumbutsa ena kosawerengeka.

Thwelofu inakwana. Rahim anayamba kumvetsera kulira kwa makina a wometa tsitsi kuseri kwa khoma, kuti mwina angazime mwadzidzidzi. Magetsi anakhazikika. Anasankha matimu ofooka, a mayina amene palibe ankawadziwa, koma anapambanabe, ndipo mabenchi anasangalala koposa poganiza kuti akuwaonetsa luso. Thukuta linayamba kulemba mapu pashati yoyera ija. Foni inanjenjemera m'thumba cha m'ma setini awazi, inanjenjemeranso patapita theka la ola. Sanafunike kuyang'ana kuti adziwe kuti woimbayo ndi Zuhula.

Itatsala pang'ono kukwana fotini awazi, padi inafika kwa Lukonde.

Rahim anaganiza msanga. Mwa onse, Lukonde ndiye ankasewera bwino, ndipo kugonja kwa iye kukanaoneka kotheka. Gemu itayamba, anachedwetsa chala pang'ono pokha. Mpira wobwezera kwa goloboyi anaumenya mofooka. Lukonde anaulanda n'kugoletsa, kontena n'kuphulika. Patapita mphindi ziwiri Rahim anatulutsa goloboyi pamene sipanayenere, chachiwiri n'kulowa. Anthu anaimirira pamabenchi. Koma Lukonde sanasangalale. Anadina batani loimitsa gemu, n'kutembenuka.

"Uchita chani?"

"Nisowela. Pitiliza."

"Awe. Nakusowela zaka zingati, boyi? Goloboyi wako sachokapo so. Unigulisa gemu."

"Wawina chabe, Lukonde. Lelo ni siku yako."

"Ine sinidya va chifundo." Lukonde anatembenukira kwa mwini malo. "Ba Chibesa, lamulo ikamba bwanji?"

"Gemu yogulisa sipendeka," anatero ba Chibesa mosakweza mawu. "Muyambilenso."

Lamulo limenelo analikhazikitsa ndi Rahim yemwe, kalekale, atagwira abale awiri akugonjerana dala kuti mpando usachoke m'banja mwawo. Mabenchi anayamba kung'ung'udza, ena akuseka, ena akufunsana chimene chamugwira mkuluyu. Rahim anaweramira kwa mnzake, n'kulankhula motsitsa, m'Chichewa cha kunyumba chimene Lukonde anachizolowera kuyambira ali ana.

"Ndikufunika ku Northmead isanakwane fifitini. Ndi ntchito. Ndikapanda kunyamuka pano yapita."

Lukonde anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana shati, anayang'ana kachikwama. Nkhope yake inafewa.

"Nanga sunakambe chani kuseni, pamene unafika?" ananong'ona. Anakanda chibwano. "Mvela. Kukunamiza siningakwanise, bonse baona. Koma makina yanga yali mu buti ya motoka, nenze kuyapeleka kwa mufana wanga. Gemu ni imozimozi. Padi yeka ndiye yosiyana, ndodo yoyendesela ya kumanzele ili pamwamba. Zala zako sizizaziba. Nizakuchaya zoona, uzaluza zoona, unyamuke. Nikupeleka na motoka."

Inali njira yoongoka, ndipo Rahim anaiona yonse mpaka kumapeto. Akanagonja moona, lamulo likanakhutira, ndipo pagalimoto akanafika nthawi ikadalipo. Makina amenewo ndi omwenso ankapita kukawagwira ku Northmead. Sanayankhe, ndipo Lukonde anatenga kukhala chete kwakeko ngati kuvomera. Anatuluka, n'kubwera atanyamula chikwama chachikulu. Atatulutsa chibokosi chakuda chija n'kuchiimika pansi pa TV, m'kontena munagwa bata limene silinamvekepo.

"Tisowela pa yanga," analengeza Lukonde. "Ngati ni mwamuna, anichaye apa."

Kenako phokoso linabuka. Anthu a panja anadzaza pakhomo, kachidutswa ka msewu kaja n'kutsekeka. Wometa tsitsi anabwera ndi makina ake m'manja. Mafoni anakwera m'mwamba, asanu, khumi, onse atalozetsa pampando.

"Filiji yangena mu chalichi!"

"Bwelesani nkhwangwa, lelo tidula manja!"

"Ba Rahim, musatichitise manyazi. Ise tonse tili pambuyo panu."

Lukonde anatambasula dzanja, padi yachilendo ija ili pachikhatho. Inali yoyera, yonenepa pang'ono kuposa imene Rahim anaizolowera. Rahim anaona pamene chala chake chachikulu chikanakhala. Anafuna kudziwa kulemera kwake. Dzanja lake lamanja linanyamuka pabondo, ndipo iye analimva likunyamuka. Anayang'ana ba Chibesa, koma ba Chibesa ankayang'ana pansi. Anayang'ana mabenchi, n'kuona nkhope za anthu amene anawadziwa ali ndi mayunifomu asukulu, tsopano a ndevu, onse akumwetulira, akudikira mawu amene ankadziwa kuti abwera. Sankamufunira zoipa. Ankangofuna Rahim wawo.

Dzanja lija linapitirira, n'kukathera kumbuyo kwa msana. Linzake linalitsatira.

"Chosani filiji iyi," panatero pakamwa pake, momveka bwino, "muikemo Fanta izizile."

Kuseka kwa anthu kunagwedeza malata. Wina anagwa pabenchi. Ena anamumenya pamapewa, ena ankabwereza mawuwo m'mafoni awo. Rahim anakhala pakati pa chisangalalocho manja ali kumbuyo, akumva foni ikunjenjemera pantchafu pake.

Lukonde yekha sanaseke. Anagwirabe padi ija kanthawi, kenako anaibweza m'chikwama, n'kuzula mawaya ake mmodzimmodzi. Atamaliza anakhala pabenchi n'kutola padi ya PS.

"Yambisa," anatero, osamuyang'ana.

Rahim anapambana zigoli zitatu kwa chimodzi. Lukonde ananyamula chikwama chake n'kutuluka osatsanzika. Wotsatira anakhala pansi. Fifitini awazi itadutsa, foni inasiya kunjenjemera.

Mzere unatha cha m'ma sikisitini, pamene anthu anakhamukira kumabala kukaonera mpira weniweni wa ku Ulaya. Rahim anadzuka miyendo itachita dzanzi. Ba Chibesa anamuuza kuti padi ili bwino, wakonza bwino. Iye anagwedeza mutu, n'kutuluka. Sanakhotere kunyumba. Anakwera basi ya m'tauni, n'kukweranso ina, ngakhale ankadziwa chimene akachipeze.

Shopu ya Emmy inali pakati pa famase, sitolo ya mankhwala, ndi malo odyera. Chitseko chazitsulo chinali chokhoma, koma pawindo panalibe katani. Rahim anaika chipumi pazitsulo n'kusuzumira. Munali mowala, moyala matailosi, ndi mipando iwiri yokhala ndi motsamira. Patebulo lalitali panali Xbox yotsegulidwa mbali imodzi, masikuluu ake ataikidwa m'kambale. Aka kanali koyamba kuona m'kati mwake ndi maso ake, osati pafoni. Anaona fani yaikulu pamwamba, ndi mmene zonse anazisanjira mozungulira njira ya mpweya kuti kutentha kukwere kutuluke. Anatsatira mawaya ndi maso, mmodzimmodzi. Anaonanso kuti amene anatsegulayo wasiya kawaya kena kopyapyala katapanikizika pakona, ndipo akadzatseka osakaona kadzaduka. Zala zake zinagwira chitsulo cha pawindo.

"Bakamba, mufuna chani?" Anali mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wa chipewa chachikulu.

"Nenze kufuna ba Emmy."

"Bayenda. Banalindila munthu mpaka hafu pasiti fifitini, sanabwele. Batenga winangu, mukazi wa ku Roma, muno mu Lusaka. Ayamba pa Mande." Mlondayo anamuyang'ana shati. "Ndimwe?"

"Awe. Nenze kudusa chabe." Rahim analoza pawindo. "Mukabauze pa Mande, kali kawaya apo pakona. Bakachose bakalibe kutseka makina."

"Kawaya," anabwereza mlondayo, mosaonetsa kuti adzakumbukira.

Rahim anayang'ananso m'katimo. Dzuwa linali litapendeka, kuwala kwake kukugwera patebulo lija.

"Makina aya banayapanga bwino," anatero motsitsa. "Bwino maningi."

Mlondayo anakweza mapewa. Iye za magemu sankazidziwa, ndipo ankafuna kubwerera pampando wake pafupi ndi famase. Rahim anakhalabe pawindopo mphindi zingapo, kenako anapachika kachikwama paphewa n'kuyamba kuyenda kupita kokwerera basi, akusinkhasinkha mawu oyamba amene akanene kwa Zuhula.